Denga la San Fidenzio

Lolemba, 1 Okutobala 1753

Chifunga m'mawa wonse. Madzi a m'ngalande afika pakhomo, nsapato zonse chinyezi. Nsomba zakweranso mtengo.

Kwabwera Mngelezi. Wamtali, mphuno yofiira, wigi yopendekera kumanzere. Dzina lake lilime langa lakana. Akufuna chithunzi cha mbali yathu ino ya Venezia: ngalande, mlatho, mabwato, nyumba zonse. Koma madenga obulungira a matchalitchi ayi. Ngakhale limodzi.

Chithunzicho n'cha azakhali ake kwawo, chokakoleka m'chipinda chodyera. Akuti mayiwo sapemphera ngati ife, ndipo akaona denga lobulungira amati ndi chipewa cha Papa, chakudya n'kuwakanira pakhosi. Mngeleziyo akuyembekeza chuma chawo akadzamwalira, ndiye safuna kuwakhumudwitsa.

A Gasparo, amuna anga, analankhula ngati loya. "Bwana, Venezia wopanda madenga amenewa ndi munthu wopanda mutu. Ife ojambula timayambira pa dengalo. Ndilo limauza woona chithunzi kuti mzindawu mwini wake ali kumwamba." Dzanja pachifuwa. Ine kuseri kwa chitseko, kunyadira.

Mngelezi anatchula mtengo. Dzanja lija linatsika pachifuwa n'kukapereka moni wa mgwirizano.

Ukwati wa Marieta wathu ndi mwezi uno. Ndalamazo tikuzifuna.

Lachinayi, 4 Okutobala

A Gasparo pantchito, akuimba. Nyumba yonse fungo la mafuta a utoto. Ndapera utoto wa thambo mpaka phewa kuwawa.

Ndasuzumira masana. Kalanga ine. Chilichonse chili m'malo mwake, ngakhale kabudula wa aneba pachingwe. Koma San Fidenzio, tchalitchi chathu, chaphwathalala pamwamba ngati nyumba yosungiramo mchere. Kuseri, komwe madenga ena amasuzumira, thambo lokhalokha. Ngati m'kamwa mwa nkhalamba.

Ayesa kuikapo mtambo. Mtambowo watuluka wobulungira. Afufuta. Ayesa nkhunda. Nazonso zandandalika mozungulira ngati denga. Burashi anaiponya pansi. "Dzanja ili ndi la Chikatolika, Anzola, silikundimvera."

Marieta wayesa diresi. Yathina m'chiuno. Akunamizira telala. Ine ndikudziwa: ndi buledi wa uchi amene Nane, chibwenzi chakecho, amamuponyera pazenera akamadutsa ndi bwato lake. Mnyamata wabwino, mapewa ngati chitseko. Nzeru pang'ono, koma zokwanira.

Loweruka, 6 Okutobala

Chithunzi tinachiika pazenera kuti chiume msanga. Zenera lomwe limayang'ana kunjira. Anthu awiri akuluakulu, palibe anaganiza.

Asewere anga, mayi Pasqua, amayi ake a Nane, anabwera kudzakambirana za vinyo wa paukwati. Pa vinyo sitinafike n'komwe. Anaima, kuyang'ana chithunzi, kuyang'ana tchalitchi chenicheni kutsidya, kuyang'ananso chithunzi. "Mayi Maria! Ndani wameta San Fidenzio?"

Akuti dengalo analimanga makolo athu mliri utatha, kuthokoza kuti ena anatsala amoyo. Akuti agogo a agogo awo ndiwo ankasenza njerwa zake pamsana. Chaka chatha agogo omwewo anali opalasa bwato la bishopu. Kulichotsa, ngakhale pansalu, akuti n'kuitana mliri ubwerere.

Ndinati ndi utoto chabe, asewere. "Nawonso mtanda ndi thabwa chabe, bwanji simukolezera moto?"

Nane, amene anabwera nawo, anafuna kuthandiza. "Ine chifunga chikagwa ndimalondola denga lomwelo kuti ndipeze kwathu. Makamaka Loweruka." Amayi ake anamuponda phazi.

Anachoka khofi osamwa. Kwawo n'kumanzere. Anakhotera kumanja, kwa ansembe.

Lamulungu, 7 Okutobala

Manyazi.

Lero linali tsiku loyamba lolengeza ukwati. Marieta riboni yatsopano, Nane tsitsi lopaka mafuta. Bambo Zaccaria analengeza ukwati wa mwana wa wophika buledi, maliro a sabata ino, n'kutseka buku. Ukwati wa kwathu osautchula.

Ulaliki: za anthu amene amasasula denga la nyumba ya Mulungu n'kuligulitsa kwa akunja. Dzina sanatchule. Anangoloza. Mpingo wonse makosi khotee. A Gasparo nawonso anacheuka kuyang'ana kumbuyo, koma kumbuyo kwathu kunali chipilala.

Kunyumba Marieta kulira, chakudya osakhudza. Chiwindi cha anyezi chonse amaliza bambo ake. Akuti chisoni chimawapatsa njala.

Adventi, nyengo yodikira Khirisimasi, ikayamba maukwati amaima mpaka chaka cha mawa. Mayi Pasqua ali ndi mdzukulu wa mnzawo amene akhala akumusungira Nane kuyambira kale. Mtima wanga suli m'malo.

Lachiwiri, 9 Okutobala

Bambo Zaccaria kunyumba kuno. Mpando wabwino, vinyo wa alendo. Anakhala kutsogolo kwa chithunzi, dazi lawo n'kuima penipeni pomwe denga likusowa. Ndinaluma mlomo mpaka magazi.

Anafotokoza mofatsa. Denga lobulungira ndi thambo limene Mulungu wafungatira nalo ana ake, ngati nkhuku pa anapiye. Lilibe ngodya, mdyerekezi alibe pobisala. Ojambula akale ankaliika pakati pa chithunzi, lalitali kuposa nyumba za olamulira, kuti olamulirawo azikumbukira wamkulu ndani. Amalinyero akamabwera kuchokera kutali, chimene amayamba kuona ndi chimenecho, n'kuvula zipewa. "Mzinda wopanda madenga otere, Gasparo, ndi mzinda wa Aturuki osabatizidwa."

A Gasparo akanangokhala chete. "Komatu Abambo, Aturuki ndiye ali nawo ambiri kuposa ife."

Vinyo anatsala theka m'kapu. Pakhomo ansembe anati: "Denga libwerere, ukwati ndilengeza. Apo ayi, mwana wanu akamudalitse Mngelezi wanuyo."

Lachitatu, 10 Okutobala

Mngelezi kudzaona ntchito. Wakondwa kwabasi. Ndinayesa kumunyengerera ndekha: kadenga kamodzi, bwana, kakang'ono, patali, ngati dzira la nkhunda. Mutu pukupuku, wigi n'kusuntha. Akuti azakhali maso anafa, koma pa zinthu ziwiri amaona ngati kamtema: fumbi ndi Papa.

Sitima yake inyamuka sabata ya mawa.

Ndiye zili tere. Denga likhalepo, phwando palibe, poti nkhuku, vinyo ndi oimba zonse zili m'thumba la Mngelezi. Lisakhalepo, ukwati palibe.

Marieta salankhulanso ndi bambo ake. Amadzera mwa ine, onse ali patebulo limodzi. "Amayi, auzeni amuna anu kuti andipatsire mchere."

Mvula. Denga lathu lomwe, la nyumba ino, likudontha pamwamba pa bedi. Limenelo palibe akulilalikira.

Lachisanu, 12 Okutobala

A Gasparo adzuka akuseka. Zikatere ine ndimaopa.

Nzeru yake ndi iyi. Chithunzi achipaka vanishi, chauma. Pamwamba pake ajambulepo denga, koma ndi utoto wosakaniza madzi ndi utomoni, osati mafuta. Ansembe aone, alengeze ukwati. Kenako kansalu konyowa, kupukuta, denga lachoka, Mngelezi anyamule chake. Anandionetsa pa kachidutswa ka nsalu. Ajambula nkhunda, apukuta, yauluka.

Ndinati kumeneko n'kunamiza wansembe. "Si bodza, mayi. Anati denga libwerere. Sanatchule kuti likhale mpaka liti."

Tsiku lonse pa denga, chakudya osachifuna. Dzanja lija linali ndi njala. Latuluka lalikulu kuposa lenileni, kuposa ngakhale a tchalitchi chachikulu cha San Marco, dzuwa likulipsompsona mbali imodzi, mtanda wagolide pansonga. Anzake kuseri abwereranso onse, otuwa m'chifunga. Zaka zonsezi sindinaone chinthu chokongola chotere chikuchoka m'manja mwawo.

Ndipo n'chofufuta. Ndinapita kukhitchini kukadula anyezi.

Loweruka, 13 Okutobala

Bambo Zaccaria aona. Kenako misozi. Anawagwira a Gasparo masaya onse awiri. "Mwana wolowerera wabwerera, ndipo wabwera ndi denga."

Ndiyeno akuti chithunzi chotere si chobisa m'nyumba. Mawa chibwere ku Misa, mpingo wonse uone, achidalitse pamaso pa onse. A Gasparo anavomera akuwerama, mpaka kuwaperekeza pamlatho.

Ndinakumbukira ndikutsuka mbale. Kudalitsa. Amadalitsa ndi chiyani? Mbale yabwino ija, ya maluwa, yasweka.

Ndinawauza a Gasparo za madziwo. Nkhope yawo ngati ufa. "Mwina angowaza pang'ono." Bambo Zaccaria! Amene anabatiza Marieta mpaka mwana kutsamwa. Amene akadalitsa mabwato eni ake amayamba kukapa madzi.

Kujambulanso ndi mafuta, sikungaume pofika mawa. A Gasparo ayamba kubuula kuti mutu, mwina malungo, mwina asapite. Marieta sakudziwa za utomoni, koma wawayankha yekha, koyamba sabata ino. "Mukadwala mawa, ababa, mudwaliretu mpaka kumanda."

Lamulungu, 14 Okutobala

Ndilembe zisanandithawe.

Tchalitchi chodzaza, ena chilili m'makoma. Nane ananyamula chithunzi kupita nacho kutsogolo ngati wanyamula woyera mtima, osadziwa kanthu. Mayi Pasqua pabenchi yoyamba, chibwano m'mwamba, ngati ajambula ndi iwo. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, wigi yopendekera. Mngelezi! Amuuza kunyumba ya alendo kuti chithunzi chake chapita kukapemphera.

Bambo Zaccaria anaviika chowazira. Anaviikanso. Waa! Waa! Ndi mtima wonse, ngati akuzimitsa moto.

Poyamba palibe chinachitika. Ndiye mtanda wagolide unapendekera. Kadontho kotuwa kanatsika pakhoma la San Fidenzio, kudutsa pazenera, kukalowa m'ngalande. Kena. Kenanso. Denga lonse kuyamba kutsetsereka ngati batala padzuwa. Utoto m'manja mwa Nane, pamalaya ake a Lamulungu.

"Likulira! Denga likulira!" Mayi Pasqua amenewo, n'kukomoka, atasankha bwino pogwera, pamiyendo ya mayi wonenepa wogulitsa nkhanu. Amayi ena kugwada. Wina kuthamangira belu. A Gasparo maso tsinzinu, milomo ikuyenda. Ndinamva akulonjeza kusiya vinyo.

Bambo Zaccaria anakhudza utotowo ndi chala. Kununkhiza. Kunyambita pang'ono. Anawayang'ana a Gasparo nthawi yokwanira kuphika dzira.

Kenako anatembenukira mpingo, chala chotuwa m'mwamba. "Mwaona? Ndakhala ndikukuuzani kuyambira liti kuti denga ili likudontha? Ndowa zili pafupi ndi guwa simuziona. Angelo a m'mwambamo mvula yawadya nkhope, simukweza maso. Lero mwaona?" Mbale ya zopereka inazungulira, pobwerera anaigwira anthu awiri.

Mawu oti chozizwitsa sanawatchule. Bodza sananene. Munthu uja ndi wochenjera.

Ukwati alengeza. Marieta anandifinya dzanja mpaka mphete kundiluma.

Potuluka, Bambo Zaccaria chapansipansi: "Mawa m'mawa, kwanga. Nonse awiri."

Lolemba, 15 Okutobala

Kwa ansembe. Mpando sanatipatse.

"Utomoni ndi madzi, Gasparo. Bambo anga ntchito yawo inali yonyika nsalu mu utoto, ndakula ndikunyambita zimenezi. Dazili si lopanda kanthu m'kati." A Gasparo anayamba kufotokoza za chinyezi cha chaka chino. Ndinawaponda.

Chilango: angelo a m'kati mwa denga lenileni awajambulenso onse. Ulere. Ndi utoto wosachoka. Amisiri akamamata ming'alu kunja, iwo m'kati. Changa: kolona tsiku lililonse mwezi wathunthu, chifukwa chosunga kansalu konyowa. Ndinafuna kukana. Koma kansaluko ndinali nditakachapa kale n'kukapinda.

Masana Mngelezi. Tinakonzeka kupepesa, kansalu kali m'manja kuti tipukute zotsala. Anakuwa n'kundigwira mkono. Tisakhudze! Denga lotsala theka, lopindika, likuyenderera m'ngalande, akuti ndiye bwino koposa. Chipewa cha Papa chikusungunuka. Azakhali azidya mbale ziwiri. Walipira osanenerera, wanyamula yekha, atachiphimba ndi jekete lake kuopa mvula.

Nkhuku zilipo. Oimba alipo. Koma a Gasparo akwiya. "Moyo wanga wonse, wogula woyamba kusanenerera mtengo, wagula ntchito ya madzi odalitsa."

Za kusiya vinyo akuti sanatchule tsiku.

Lachinayi, 18 Okutobala

Kukhala ndi munthu mpaka imvi, lero ndi pomwe ndadziwa. Amuna anga amaopa pamwamba. Madenga onse aja amawajambula ali m'bwato, pansi.

Amisiri amanga nsanja m'kati mwa denga, makwerero ataliatali. A Gasparo anakwera kufika polekezera mutu wanga, n'kukakamira pomwepo. Osakwera, osatsika. Nane anawachotsa ngati mphaka mumtengo.

Tsopano ndi dengu lalikulu la wophika buledi, chingwe, Nane ndi anzake kukoka. Nsalu kumaso. Akamakwera akuitana oyera mtima onse, ena oti kulibe. Anthu akubwera kudzaonerera, wina akugulitsa mtedza pakhomo. Nane mokuwa: "Musagwedezeke, apongozi, chingwechi n'chobwereka!"

Ndaseka mpaka nthiti. Dengu litafika pakati n'kuyamba kuzungulira lokha, kuseka kunatha.

Lamulungu, 21 Okutobala

Alengeza kachiwiri. Popanda vuto.

Mbiri ya denga lolira yafika mpaka ku chilumba cha Murano. Anthu akubwera kudzafuna chithunzi chomwe chili kale panyanja. Mayi Pasqua ndiwo amawalandira pamlatho n'kuwafotokozera. Tsiku lililonse misozi ikuchuluka. Dzulo inafika m'mawondo. Za vinyo takambirana tsopano: wofiira, ndipo abale awo asapatsidwe botolo m'manja.

A Gasparo madzulo akubwera khosi litauma, utoto m'makutu ndi m'ndevu. Adya, agona. Kudandaula kwatha, ndipo zimenezo zikundidabwitsa. Nane akuti dzulo sanamange nsalu kumaso.

Marieta wawapaka mafuta pakhosi. Osalankhula, koma wapaka.

Lachisanu, 26 Okutobala

Diresi tafutukula m'chiuno. Telala analibe mlandu.

Marieta akulongedza. Watenga poto wanga wamkuwa, akuti ndinamulonjeza ali mwana. Sindikukumbuka. Atenge.

Ndapita kutchalitchi ndi chakudya cha bambo ake, kuchiika m'dengu. Ndakweza maso. Angelo ali ndi nkhope tsopano. Ndowa pafupi ndi guwa zachoka. Pamwambapo munthu akuimba, nyimbo ikuzungulira denga n'kutsika ngati ya anthu ambiri. Ndinakhala pabenchi kanthawi. Kolona ndinaiwala kunyumba.

Lachiwiri, 30 Okutobala

Ukwati wachitika dzulo. Ndiyambe ndi zimenezo.

M'mawa a Gasparo anati mngelo mmodzi watsala phazi, athamangire asanavale jekete. Nane anawakweza n'kupita kukameta ndevu. Amayi okongoletsa tchalitchi atafika anati dengu, chingwe ndi makwerero zikunyansa pa tsiku la ukwati. Anzake a Nane anazichotsa zonse. M'mwamba palibe anayang'ana.

Kunyumba tinkati ali kutchalitchi. Kutchalitchi ankati ali kunyumba. Ine mumtima ndinati ali komwera vinyo, ndipo ndinali nditasankha kale chowamenyera. Akuti anakuwa, koma mabelu anali atayamba, kenako limba. Marieta analowa atagwira mkono wanga.

Limba litatonthola, Bambo Zaccaria anafunsa: "Kodi bambo a mkwatibwi ali kuti?"

"Ndili kuno kumwamba!" Mawu kudzaza tchalitchi chonse, osadziwika kochokera.

Mayi Pasqua: "Amwalira! Akulankhula ali kumwamba!" Anakomokanso. Ulendo uno wogulitsa nkhanu anasuntha.

Bambo Zaccaria sanakweze n'komwe mutu. "Khalani komweko, a Gasparo. Kumeneko simungawononge kanthu." Marieta anayang'ana m'mwamba, kuona kamutu ka bambo ake pakati pa angelo, n'kuphulika kuseka, misozi ili mbwee. Anawakwatitsa choncho. Bambo ake anadalitsa ali pansanja, akulira, kumina pa kansalu kopukutira maburashi. Atawatsitsa mphuno inali yamtundu wa thambo. Avina nayo choncho mpaka oimba kutopa.

Lero m'nyumba muli zii. Bedi la Marieta loyala bwino, palibe wolisokoneza. Ndaphika za anthu atatu mosadziwa.

A Gasparo alongedza maburashi. Ndinati chilango chatha, ansembe alandira ntchito. Akuti inde, koma nsanja aiphwasula mawa, ndipo pali choti ndione. Kuseri kwa mngelo wamkulu ajambulako kamngelo kena, kopanda mano akutsogolo, chipsera pachibwano, monga analili Marieta chaka chija anagwa pamlatho. Pansi sikaoneka. Akuti palinso kazenera komwe munthu amaona madenga onse a Venezia, kupatula lathu lokha, poti uli m'kati mwake. Amaonanso zenera la kwa Nane, pomwe pali kale zovala za mwana wathu pachingwe.

"Tiyeni mukaone, mayi. Dengu ndi lolimba, ndaliyesa ndine."

Ndavala nsapato, ndavulanso, ndavalanso. Akuitana pansipo. Sindinawauzepo kuti inenso pamwamba ndimao…